Mthunzi wa Pansi pa Nthaka

Makolo a anthu a ku Msinjiro anali osungunula chitsulo a fuko la Mwale, ndipo anasamuka kuchokera kumpoto chifukwa cha chivomezi chimene chinkang'amba ng'anjo zawo. Anawatsogolera Kaphwiti, mwana wa Nagama, mdzukulu wa Chimkoko wosula makasu. Nachanza, mlongo wa Kaphwiti, anali woumba mbiya. Iyeyu mwana wake woyamba anaphedwa ndi khoma paulendowo, natsala ndi mmodzi, namwali dzina lake Msekwa.

Atafika m'chigwa cha Livwadzi, Kaphwiti anati amange pomwepo, pakuti panali madzi, miyala yachitsulo ndi dothi lachonde, ndipo nkhalamba zinali zitatupa miyendo. Sanalakwe kuganiza chotero. Koma Nachanza, potapa dongo kumtunda wouma wa kumadzulo, anazindikira kuti tsiku lina pansi patanjenjemera m'chigwa, kumtundako madzi a m'chikho chake sanagwedezeke.

Anakumbukira kuti kuwala kumayenda molunjika, ndipo kukagunda mbiya sikukhota, kotero kuseri kwake kumagwa mthunzi. Anakumbukiranso mawu a mlongo wake, akuti nyundo ikamenya chitsulo cholimba dzanja limamva kuwawa, koma chosungunuka chimameza nkhonya yonse. Choncho anauza mbumba kuti m'mimba mwa dziko muli dziwe la chitsulo chosungunuka limene limatchinga chivomezi monga mbiya itchinga dzuwa, ndipo mtundawo uli mumthunzi wake.

Kaphwiti anaseka. "Mlongo wanga, ng'anjo saloledwa kuyandikira akazi, tsono iwe unasuzumira liti m'ng'anjo ya Chauta? Ana akamwa mthunziwo?"

Anapangana kuti aike mbiya ziwiri zodzaza madzi mpaka pamlomo, ina m'chigwa, ina kumtunda, ndipo imene idzatayike idzatha mlandu. Koma popeza mwana amamvera malume ake, Kaphwiti analamula kuti Msekwa atsale m'chigwa.

Nachanza anakhala yekha kumtunda, akuthira madzi mumbiya ya kumeneko m'mawa uliwonse. Mitambo ya mvula inasonkhana mbewu zikadali m'zikwatu, ndipo anthu anayamba kumunena kuti wapenga ndi maliro. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti mawu ake akadzatsimikizika, mwana wake adzakhala ali pamene pakugwedezekapo.

Chivomezi chinafika masana, dzuwa lili paliwombo. Mbalame zinauluka zonse pamodzi, agalu anauwa, ndipo fumbi lofiira linakwera kuchokera m'chigwa mpaka kubisa phiri. Nachanza anagwada nayang'ana mumbiya: nkhope yake inali mmenemo yathunthu, madzi osatayika ngakhale dontho. Sanakondwere. Anathamangira kumunsi, ndipo pa mtengo wa mbawa anamva nthaka ikuyamba kumukankha kumapazi. Atabwerera pang'ono, inali phee. Anaima pamalire pomwepo akuitana dzina la mwana wake mpaka mawu anasasa.

M'fumbimo munatuluka anthu mmodzimmodzi, ena akutsimphina, koma Msekwa sanaoneke. Womaliza anali Kaphwiti, magazi ali chuchuchu pamphumi, atabereka Msekwa wothyoka mwendo koma wamoyo. Anamutsitsa pamapazi pa mayi ake, natula mkombero wa mbiya ya m'chigwa ija, chokhacho chimene chinatsala.

"Tenga mwana wako," anatero. "Tilozere pamene mthunziwo walekezera."

Akuluakulu amasiyana pofotokoza. Ena amati dziwe la chitsulolo lilikodi, ena amati mtundawo wangokhala pathanthwe lolimba. Onse amavomereza kuti Kaphwiti ananenanso zoona, pakuti kumtunda kulibe mtsinje, ndipo zidzukulu za Msekwa zimatsikirabe ku Livwadzi kukatunga. Chitsa cha mbawa chija chilipo, ndipo aliyense wa ku Msinjiro asanakumbe maziko a nyumba, amayamba waikapo mbiya yodzaza madzi.