Dimba la Mphika Umodzi

Kalekale ndithu, mitengo ya zinthu isanayambe kuyenda pa foni, kuseri kwa mapiri a ku Ntcheu kunali mayi wamasiye, a Nangondo, amene anali ndi dimba m'mphepete mwa kamtsinje. Pa nthawi ya agogo awo dimbalo linali lalikulu. Koma kagawidwe kathu mukukadziwa: mayi agawira ana ake aakazi, anawo agawira awo, mpaka munda umene unkatopetsa amuna asanu usanduka poti mbuzi ikagonapo mchira uli m'munda mwa eni. Pofika m'manja mwa a Nangondo linali dimba lodyetsa mphika umodzi. Iwiri ayi.

Oyang'ana mphikawo anali atatu. Zakeyu, mwana wawo wamwamuna, anakwatira kutsidya kwa mtsinje ndipo ankakhala kuchikamwini, kulima munda wa apongozi ake. Felesiya, mwana wawo wamkazi, anali pakhomo ndi kamwana kamodzi. Mwamuna wake anapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo zikuoneka kuti akuifunabe. Wachitatu anali Lufeyo, mkamwini. Mkazi wake Esinta, mwana wachisamba wa a Nangondo, anamwalira n'kusiya ana awiri, wamkulu dzina lake Yosofati. Mwambo unkati Lufeyo asudzulidwe azipita kwawo, ana atsale. Koma a Nangondo ankangoti, "Tiona mvula ikatha," chifukwa mkamwini wodziwa khasu sasudzulidwa mothamanga.

Chaka china munthu wina wa m'mudzimo analima matimati, nagula njinga yokhala ndi belu. Belulo ndi limene linapha mudzi. Chaka chotsatira dimba lililonse, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, linafiira psuu ndi matimati, onse kupsa sabata imodzi. Mavenda anabwera ndi lole, naiimika pansi pa mkuyu, nayamba kusewera bawo. Wogula matimati safunika pakamwa pakuthwa. Amangofunika mthunzi, dzuwa limamutsitsira lokha mtengo. Pofika masana madengu anayamba kudontha, ndipo alimi amene m'mawa ankati "Pamenepo ayi" anali kuthamangira lole ija akuti, "Tengani bwana, mungotipatsako ya mchere." Matimati otsala anapatsa nkhumba, mpaka nazonso zinayamba kusankha.

Banja la a Nangondo linatuluka m'chaka chimenecho ndi madengu othimbirira basi. Tsiku lina Felesiya anafika pakhomo ndi mlendo wonenepa, a Gwaza, woumbitsa njerwa wa ku boma. A Gwaza anatapa dothi la m'dimba, nalikanda m'manja mwachikondi.

"Amayi, dothi ili mukulizunza ndi ndiwo," anatero. "Ili ndi la njerwa. Ndigulitseni, mupume."

"Amayi, tiyeni tiwamvere," anatero Felesiya. "Timalima ndife chaka ndi chaka, wonenepa ndi wa lole."

A Nangondo anali atayamba kale kutupa miyendo, ndipo anayankha ali pamkeka. "Madimba oumbidwa njerwa ndinawaona. Pamatsala maenje, achule ndi udzudzu. Ndalama imatha, dzenje silitha. Ndipatseni chaka chimodzi. Likalephera kutidyetsa, a Gwaza, mudzalitenge."

A Gwaza anaseka, natsanzika mwaulemu. Ogula malo a amphawi sathamanga, poti njala imawagwirira ntchito ulere.

Woyamba kuchitapo kanthu anali Zakeyu. Iye ndi amene anakakamiza amayi ake kudzala matimati aja, choncho manyazi ankamudya. Anakakhala masiku atatu pamsika wa pamsewu, osagula, osagulitsa, kungoona chimene chimatayidwa madzulo ndi chimene chimabwerera m'thumba kudikira mawa. Anabwerako ndi mawu amodzi: anyezi.

"Matimati ndi mlendo wofulumira, amayi," anatero. "Anyezi amadziwa kudikira. Ukamuumitsa bwino, wothamanga amakhala wogula, osati iwe."

"Nanga mbewu uitenga kuti, mwana wanga? M'nyumba muno mulibe ngakhale nkhuku."

Zakeyu anagulitsa mbuzi yake imodzi yokhayo, imene apongozi ake ankaiona kale ngati yawo, nagula mbewu yabwino. Anafesa nazale, naiphimba ndi udzu, ndipo m'mawa uliwonse ankawoloka mtsinje kudzaiona, munda wa apongozi uli thengo. Apongozi anapirira mwezi umodzi. Mwezi wachiwiri Zakeyu anapeza mkeka ndi khasu lake zili panja. "Pitani mukakwatire anyezi wanuyo," anatero mkazi wake, natseka chitseko. Zakeyu anabwerera kwa amayi ake wopanda banja, wopanda munda. Koma mbande zinali zitaima njoo ngati singano zobiriwira.

Anawokera mbandezo, ndipo zinagwira. Koma mu Ogasiti, anyezi atangoyamba kuika mitu, kamtsinje kanaphwa. Anthu akumtunda anali atatseka madzi kuti athirire madimba awo. Mukufunsa kuti anadzala chiyani? Matimati. Munthu sapsa kamodzi. Zakeyu anayang'ana masamba akugwa, nagwira m'chiuno. Nzeru anali nazo, koma nzeru sizithirira.

Lufeyo anatenga khasu ndi fosholo, nakumba mumchenga wa mtsinje, kufika m'chiuno, kufika m'khosi, mpaka madzi anayamba kuchucha. Chitsimecho chinali kumunsi, patali ndi dimba, njira yake yokwera. Anadula mtengo, napachikako makeni awiri othirira, nausenza pamapewa kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, miyezi iwiri yathunthu. Mapewa anasupuka, napola, nasupukanso. Ntchitoyo ili mkati kunabwera uthenga wochokera kwawo, woti amalume ake akugawa munda, afike msanga alandire pake.

"Pitani, bambo a Yosofati," anatero a Nangondo. "Kuno mulibe panu, mukudziwa."

"Ndikachoka sabata imodzi anyezi afa, amayi. Ana a Esinta adzadya chiyani?"

Sanapite, ndipo munda wa kwawo unapatsidwa kwa wina. Anyezi anakula ngati zibakera, koma msana wa Lufeyo kuyambira pamenepo sunawongokenso bwino.

Atakolola mu Okutobala, lole inabweranso, mavenda omwe aja, mthunzi womwe uja. Mmodzi anafika pakhomo, nakankha thumba ndi phazi. "Anyezi wadzadza pamsika wa ku Lizulu, anthu akungopondaponda," anatero, natchula mtengo woti ngakhale nkhuku ikanaseka. Zakeyu ndi Lufeyo anayang'anana. M'nkhokwe munalibe kanthu. Ndipo Zakeyu yemwe uja, mwini mawu akuti anyezi amadziwa kudikira, ndiye anayamba kukoka matumba. Anyezi amadziwadi kudikira, koma mimba sidziwa.

Felesiya anakhala pathumba. "Achimwene, chotsani dzanja."

"Iwe, si iwe unabweretsa wa njerwa pano? Lero wasanduka wokonda dimba?"

"Ndine ndemwe. Ndinapusa kamodzi, inu mukufuna tipuse kawiri. Ngati anyezi wadzadza ku Lizulu, bamboyu wawotcheranji mafuta kubwera kuno?"

Venda uja anatukwana pang'ono, nanyamuka. Felesiya anaumitsa anyezi pamthunzi, namumanga m'mitolo, namupachika kudenga la nyumba yake, iye ndi mwana n'kumagona m'khitchini. Anaika loko pachitseko, kiyi n'kumangirira m'chiuno. Novembala anadutsa, Disembala, Januwale. Banja linkadya mango ophika ndi phala la madeya. Ana a Lufeyo ankalira pakhomo lokhomalo, Zakeyu anamutchula mlongo wake mfiti. Mwana wa Felesiya yemwe anatupa masaya, tsitsi n'kufiira, mpaka anagonekedwa kuchipatala milungu iwiri, ndipo Felesiya anapita naye kiyi ali m'chiuno. Anyezi wina anawola ndithu, ndipo mtolo uliwonse wotayidwa kudzala ankamuloza nawo chala.

Mu Febuluwale anyezi anasowa m'misika yonse. Felesiya sanadikire lole. Anasenza dengu, nayenda wapansi mpaka kusukulu yogonera konko, nakumana ndi mayi wogula zakudya za ana, munthu wouma mutu ngati iye yemwe. Anakokana kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro. Felesiya anatuluka ndi pangano: sukulu izitenga dengu sabata iliyonse, chaka chino ndi chamawa chomwe, bola anyezi akhale wouma chonchi. Chimanga chinalowa m'nyumba. Dimba linapulumuka.

A Nangondo anadya za anyeziyo mwezi umodzi wokha. Matenda atakula anaitana mlongo wawo, a Bitoni, mwini mbumba.

"Achimwene, dimba ili musalidule. Ndalidula kale patatu m'mutu mwangamu, palibe gawo lingadzaze dengu la kusukulu. Musawauzenso kuti alime pamodzi. Ndawamva chaka chino, wina aphedwa. Mumupatse mmodzi, amene walipulumutsa."

"Ameneyo ndani, mlongo wanga?"

A Nangondo anatembenukira kukhoma, ndipo patapita masiku awiri anatisiya. Akufa amadziwa kusiyira amoyo ntchito yolemera.

Pamaliro a Gwaza anafika ndi chipepeso chachikulu, nalira kuposa abale. Tsiku lometa litapita, a Bitoni anaitana atatu aja m'mbali mwa dimba. A Gwaza nawo anapezeka kuti akudutsa, nakhala pachitsa chapafupi kuti apumule.

Zakeyu anati, "Amalume, popanda ine bwenzi titadzalanso matimati. Madzi a alamuwa akanathirira chiyani? Mlongo wangayu akanakhomera chiyani m'nyumba? Banja langa linathera m'nazale muja. Kutsidya anandithamangitsa, kuno mukandikana ndilowere kuti?"

Lufeyo anati, "Ine ndine mkamwini, sindiyenera kukweza mawu pano. Koma mbewu yopanda madzi ndi fumbi. Kwathu munda anapatsa wina. Mukandisudzula ndinyamula msana wokhotawu ndizipita, koma ana a Esinta adzalima pati? Mayi wawo akanakhala moyo bwenzi dimbali lili lake, poti ndiye anali wamkulu."

Felesiya anati, "Anthu onse akumtunda anafesa, anathirira, ndipo lero akupempha madeya. Kulima si kudya. Ine ndinatsala pang'ono kuika mwana m'manda chifukwa cha kiyi uyu. Kusukulu amadziwa nkhope yanga, osati ya achimwene kapena ya alamu. Ndipo mwambo mukuudziwa, amalume: nthaka ndi ya mwana wamkazi."

"Mwambo womwewo ndi umene unalichepetsa dimbali," anatero Zakeyu. "Ndipo amayi akanakumvera iwe, bwenzi pano pali dzenje."

"Akanakumverani inu mu Okutobala, bwenzinso pali dzenje," anayankha Felesiya.

"Dzenje lokhalo limene lathandiza pano ndinakumba ndine," anatero Lufeyo chapansipansi.

Apo a Gwaza anatsokomola pachitsa paja. "Musadzipweteke mutu, a Bitoni. Dimba siligawika, koma ndalama imagawika patatu bwinobwino, popanda wolira."

A Bitoni anavula chipewa, nayang'ana mkati mwake ngati yankho lili momwemo. Epulo anali atalowa. Nazale ikapanda kufesedwa mweziwo usanathe, sukulu ifuna mlimi wina, ndipo a Gwaza sadzafunikanso kutsokomola. Wopatsidwa dimba adya ndi a m'nyumba mwake. Awiri enawo azikagwira ganyu m'minda ya eni, kudutsa m'mawa uliwonse pambali pa anyezi amene anawatayitsa banja, msana kapena thanzi la mwana.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, valani chipewa cha a Bitoni. Musandiuze kuti alidule, mwini wake anakana. Musandiuze kuti agwirizane, mwawamva nokha mmene amalankhulirana. A Gwaza akadali pachitsa, ndipo sakuoneka otopa. Dimba la mphika umodzili mumupatsa yani: wa mbewu, wa madzi, kapena wa kiyi?