Tsamba Lopanda Chidindo

Panali munthu wina mumzinda wa Limbe amene ankadya za singano ndi ulusi, koma sanali telala. Ntchito yake inali kusoka mabuku. Dzina lake linali Chagunda. Buku likathothoka masamba kapena likasupuka chikuto, eni ake ankapita nalo kwa iye. Iye ankalisoka, n'kulimata, n'kulipsinja ndi thabwa mpaka liume.

Munthuyu sankangosoka mabuku a eni. Ankatoleranso akeake. Kwa zaka makumi atatu anasonkhanitsa zinthu zimene ena ankaziyesa zinyalala: mabuku a nyimbo otha m'makona, makalata a anthu amene anafa kalekale, makope olembedwa pamanja. Ankatha kusiyanitsa pepala lakale lenileni ndi pepala longodetsedwa ndi utsi. Akaona inki ankadziwa ngati inalembedwa ndi nthenga kapena ndi bolopeni.

Pa zonsezo panali kabuku kamodzi kamene ankakakonda koposa. Kanali kophunzitsira ana kuwerenga, kosindikizidwa pa makina oyamba amene anafika m'dera la makolo ake, ndipo patsamba loyamba panali siginecha ya amene anakalemba. Anamupatsa ndi mmisiri amene anamuphunzitsa ntchito, atatsala pang'ono kumwalira. Kankakhala m'kabokosi ka malata, kokulunga m'nsalu.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wochokera ku Ntcheu, atanyamula buku lalikulu la chikuto chakuda. Anati linali la agogo ake, Aphunzitsi Simiyoni Dzonzi. Aphunzitsiwo anapita kumigodi ya ku Joni pamodzi ndi amuna a kwawo, ndipo ndiwo ankawalembera makalata opita kumudzi. Mmodzi mwa amunawo akamwalira, iwo ankalemba m'bukumo dzina lake, mudzi wake, chimene chinamupha ndi malo amene anamuika. Uthenga wa maliro masiku amenewo nthawi zina unkasochera panjira, koma m'buku munkalembedwa ndithu. Pomaliza nawonso aphunzitsi anafera komweko. Bukulo linabwera kumudzi m'sutikesi yawo, n'kukhala pansi pa bedi zaka zambirimbiri popanda wolitsegula.

Chagunda analitsegula. Munali masamba makumi asanu ndi atatu, lililonse ndi nambala yake pakona, kuyambira 1 mpaka 80. Ulusi unali utaola. Koma patebulo pake panali mulu wa mabuku a sukulu amene eni ake ankawafuna msanga.

"Pepani bambo, ntchito yandichulukira," anatero. "Mubwere nalo mwezi wamawa."

Bambo uja anabwerera ndi buku lake. Mwezi wamawa unafika, iye sanaoneke.

Patapita miyezi ingapo, Chagunda anapita kuhotela ina kukasiya buku la alendo limene anasoka. Pakhoma la pofikira anaona felemu, ndipo m'kati mwa galasi munali tsamba limodzi. Ataona kalembedwe kake, anazindikira dzanja la Aphunzitsi Dzonzi nthawi yomweyo. Pakona panali nambala 23. M'mphepete munali modula bwinobwino ndi lezala.

Atafunsa, anamulozera kwa wamalonda wina wogulitsa zinthu zakale. Wamalondayo sanakane kuti anagula bukulo kwa bambo wa ku Ntcheu n'kulidula.

"Akulu, buku lathunthu limagulidwa ndi munthu mmodzi," anatero akuseka. "Masamba makumi asanu ndi atatu amagulidwa ndi anthu ambiri. Anthu amafuna chidindo cha pamgodi ndi siginecha ya bwana wachizungu. Mainawo sawawerenga n'komwe."

"Munagulitsa kwa ndani ndi ndani?"

"Ndani angakumbuke zimenezo?"

"Ndiye ndikhala pano mpaka mukumbuke."

Anakhala pabenchi ya pakhomo pa sitoloyo tsiku lonse. Mawa lake anabweranso. Tsiku lachitatu wamalonda uja anatopa naye. Anamutchulira ogula onse amene anawakumbukira, n'kumugulitsa masamba asanu amene anali atatsala m'dilowa.

Apo m'pamene ulendo unayambira, ndipo unatenga zaka zisanu ndi ziwiri.

Ogula ena atamva nkhaniyo anachotsa tsamba pakhoma n'kumupatsa popanda mawu ambiri. Ena anamuthamangitsa, iye n'kubwereranso. Ambiri anafuna kusinthana, ndipo mabuku ake akale anayamba kuchoka pamashelefu limodzilimodzi. Tsamba lina analipeza muofesi ya loya, lina m'chipinda chodyera cha sing'anga wa mano, lina litanyowa ndi mvula kuseri kwa kabati. Masamba awiri anali atawoloka nyanja ndi mlendo wina. Chagunda anamulembera makalata khumi ndi imodzi. Itapita ya khumi ndi chiwiri, masambawo anabwera mu envulopu.

Mkazi wake ankaona tsitsi lake likuyera ndiponso maso ake akuchita mdima. Tsiku lina anamukhazika pansi.

"Abambo ake Ziona, anthu amenewa si abale anu. Anafa kale, anaikidwa kutali. Mukudzivutitsiranji?"

"Bukuli linafika m'manja mwanga lili lathunthu, ine n'kulibweza," anayankha. "Ndikapanda kulisoka ine, palibe amene adzalisoke."

Kuyambira tsiku limenelo mkaziyo ndiye ankamulowetsera ulusi pasingano.

Chaka chachisanu ndi chiwiri chisanathe, masamba anakwana makumi asanu ndi awiri kudza asanu ndi anayi. Linasowa limodzi lokha, la nambala 57.

Tsambalo linali ndi munthu wina wachuma wa ku Zomba, amene nayenso ankatolera zolembedwa zakale. Nyumba yake inali ndi makabati a magalasi, ndipo ankadziwa mtengo wa chilichonse chimene chinali m'menemo. Analandira Chagunda bwino, anamupatsa mpando, n'kutulutsa tsambalo.

"Taonani, a Chagunda," anatero. "Lilibe chidindo. Lilibe siginecha ya aliyense. Ndi maina asanu ndi anayi basi. Wamalonda uja anandipatsa ngati basela nditagula mapu. Pamsika palibe angaliyang'ane kawiri."

"Ndiye ndipatseni, bwana."

"Ndikanakupatsani. Koma inu mwaliyendera zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye kuti kwa inu ndi lodula. Ndamva kuti muli ndi kabuku kena m'kabokosi ka malata. Ndipatseni kameneko, tsamba mutenge."

Chagunda anabwerera kwawo chimanjamanja.

Anzake otolera mabuku atamva anati munthu wa ku Zombayo ndi wakuba masanasana. Kabuku kaja kanalipo kamodzi kokha kodziwika, ndipo kakanatha kugula masamba otere zikwi. Mmodzi anamupatsa nzeru.

"Pitaninso, akulu. Mukapemphe kuti mungoliona. Mukakopere mainawo papepala lina, mudzasokere pamenepo. Adzadziwa ndani?"

Chagunda anaganiza za nzeru imeneyi masiku angapo, chifukwa sinali yopusa. Kenako anaikana.

"Zolemba ine ndi mphekesera," anatero. "Zolemba a Dzonzi ndi umboni. Iwo anaima pamandapo, ine sindinaimepo."

M'mawa wina anatsegula kabokosi ka malata. Anamasula nsalu ija. Anawerenga kabukuko kuyambira patsamba loyamba mpaka pomaliza, mokweza, ngati mwana wa sitandade wani. Atamaliza anakakulunganso, n'kukakwera basi ya ku Zomba.

Munthu wachuma uja anadabwa kumuona. Sankayembekeza kuti angabwere.

"Mukudziwa kuti mwaluza?" anafunsa akulandira kabukuko.

"Mtengo wa kabukuka ndikuudziwa kuposa inu," anatero Chagunda. "Ndipatseni tsamba."

Kusoka kunatenga masabata atatu. Popeza masamba anali odulidwa, lililonse linafunika kulimata kaye ndi kapepala kopyapyala m'mphepete kuti ulusi upeze pogwira. Anayala masambawo motsatira manambala, anasoka pang'onopang'ono, anapanga chikuto chatsopano cha nsalu yakuda. Atamaliza, mkazi wake anamufunsa shelefu imene aliikepo, popeza malo tsopano analipo ambiri.

"Si langa," anatero. "Eni ake alipo."

Anapita nalo ku Ntcheu. Anapempha kuti alengeze m'matchalitchi ndi pamsika kuti aliyense amene m'bale wake anapita ku Joni osabwerako afike kusukulu ya pafupi Loweruka. Anthu anadzaza kalasi, ena anaima m'mawindo. Chagunda anavala magalasi ake n'kuyamba kuwerenga dzina ndi dzina, mudzi ndi mudzi. Ena atamva dzina ankangogwedeza mutu, popeza uthenga anaulandira kale. Ena ankagwira pakamwa.

Dzuwa litapendeka anafika patsamba 57. Anawerenga maina asanu. Lachisanu ndi chimodzi linali lotere: "Yotamu Ngozo, wa m'mudzi wa Chimkombero. Thanthwe linamugwera Lachinayi, mwezi wachitatu chifikireni. Tinamuika kumunsi kwa mzere wa mabulugamu. M'thumba mwake munali kachipewa ka khanda kamene anagula."

Kumbuyo kunaimirira mayi wina wokalamba, wogwira ndodo. Anthu ankawatcha aNangozo.

"Bwerezani, bambo," anatero.

Chagunda anabwereza.

Mayiwo anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo. Kuwerenga sankadziwa. Anapempha kuti awagwire chala n'kuchiika pa dzinalo.

"Mwalemba ndi inu zimenezi?"

"Ayi, mayi. Analemba ndi Aphunzitsi Dzonzi, amene anaima pamanda."

ANangozo anaweramira pafupi, nayang'anitsitsa zilembozo nthawi yaitali.

"Dzanja ili ndikulidziwa," anatero. "Kalata imodzi yokha imene bambo anatumiza inalembedwa ndi dzanja lomweli. Amayi ankaisunga m'mtsuko. Bambo anachoka ine ndili m'mimba. Kalata ina itapanda kubwera, anthu anati atchona, akwatira mkazi wina kumeneko. Amayi anamwalira ndi mtima wowawa. Ine ndinakula ndikutchedwa mwana wa mtchona. Zaka makumi asanu ndi awiri ndakhala ndikudana ndi munthu amene anafa patangopita miyezi itatu."



"Sanatithawe," anatero mayiwo, akutembenukira kwa anthu. "Mwamva nonse? Yotamu Ngozo sanatithawe. Kachipewako kanali kanga." Kenako anayang'ana mwana wa mchimwene wa amayi awo, amene anawaperekeza. "Mawa upite kwa eni manda, anditsegulire njira. Ndikufuna ndikawauze amayi."

Chagunda anadikira mpaka mayiwo atakhala pansi. Anapukuta magalasi ake, n'kuwerenga dzina lachisanu ndi chiwiri. Sanalumphe ngakhale limodzi mpaka tsamba lomaliza.

Bukulo analisiya komweko, m'manja mwa akuluakulu amene anthu anasankha okha, ndipo anawaphunzitsa kulisunga kutali ndi chinyezi ndi chiswe. Kabuku kake kaja sanadzakaonenso. Ndipo ndisakunamizeni kuti sikankamupweteka. Kanamupweteka mpaka tsiku lomwalira. Koma palibe amene anamumva akunena kuti analakwitsa.

Tsono inu amene mwandimva, aliyense wa inu ali ndi ntchito imene inafika m'manja mwake, ndipo akudziwa kuti akaisiya palibe wina adzaitole. Mudzayamba ndi mphamvu, mudzayenda mtunda wautali. Kenako padzatsala kachigawo kamodzi, kosaoneka bwino, kamene anthu odziwa mitengo adzakuuzani kuti n'kopanda pake. Kameneko ndiko kadzakufunsani chinthu chimene mumachikonda. Pa tsiku limenelo musafunse kokha kuti amsika akuti chiyani. Mufunsenso kuti akudikira ndani. Mwina simudzamudziwa dzina, monga Chagunda sankawadziwa aNangozo pamene ankakwera basi. Perekani, mumalize ntchito.