Dzina la Kadammanja

Kale ndithu, m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, munali mwamuna wina dzina lake Tadeyo. Mkazi wake, Felesiya, anabereka mwana wamwamuna nthawi yokolola, ndipo popeza anali mwana woyamba, udindo wotcha dzina unagwera akuchimuna.

Tadeyo anali atasankha kale mumtima mwake. Ankafuna dzina la malemu agogo ake, bambo obereka amayi ake, amene ankatchedwa Kadammanja. Agogowo anali osula makasu, ndipo manja awo ankakhala akuda bii ndi makala chaka chonse.

Atalitchula dzinalo, aliyense anali ndi mawu ake.

"Limenelo ndi dzina la nkhalamba," anatero Felesiya. "Akadzapita kusukulu, anzake adzamufunsa ngati kwawo kulibe madzi osamba."

Apongozi ake a Tadeyo anatchula maina atatu a m'Baibulo. Mphunzitsi wa pamudzipo anati maina otere anapita ndi eni ake. Mkulu wina wosoka mphasa yekha ndiye anati manja akuda sagona ndi njala.

Tadeyo anafunsa mofatsa: "Kodi m'mudzi muno muli munda umene sunalimidwepo ndi khasu la agogo anga?"

Felesiya anayang'ana khandalo nthawi yaitali, nati, "Amayi anu akalola, inenso ndalola."

Koma amayi ake a Tadeyo, aNambewe, atamva nkhaniyo anaika pansi lichero limene ankapetera.

"Dzinalo lili ndi mwini wake, ndipo ali moyo," anatero. "Ukamutcha mwanayu, ndiye kuti tsiku lililonse ndiziitana pakhomo panga munthu amene anandikana."

Mwini dzinayo anali mlongo wawo wa aNambewe, amene analowa dzina la bambo awo pamodzi ndi ntchito yosula. Pamaliro a bambowo, mlongoyo anaimirira pamaso pa anthu nanena kuti aNambewe ndiwo anapha nkhalambayo poilekerera ikudwala. Anamaliza ndi mawu akuti, "Kuyambira lero ndilibe mlongo." Kenaka anawoloka mtsinje kupita kumapiri, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinatha osapondanso pamudzipo.

Mchombo wa khanda unagwa, mwana anatuluka m'chikuta, koma dzina panalibe. Masabata atatu anatha anthu akungoti "mwanayu". Felesiya anayamba kuchita manyazi popita kuchitsime. Tadeyo ankadziwa kuti akapita kumapiri, amayi ake akhoza kumuona ngati wawagulitsa. Ankadziwanso kuti akasankha dzina lina, la agogo ake lidzathera pa munthu mmodzi wokhala yekha kutali. Tsiku lina m'mawa anawauza amayi ake kumene akupita. Kenaka ananyamuka.

Anawapeza amalume akewo ataonda, maso atachita ng'ala, pamalo osulira patamera udzu. Anadzitchula kuti ndi mwana wa yani, nafotokoza chimene wadzera.

"Akutuma ndi amayi ako?" anafunsa mkuluyo.

"Iyayi, amalume. Iwo akukana."

Mkuluyo anafufuza ndodo yake pansi.

"Dzina sindingalipereke kuseri kwa mlongo wanga. Unditsogolere. Akakandipirikitsa, dzinali lidzalowa nane m'manda, ndipo ndidzakhala nditalandira zondiyenera."

Anayenda masiku awiri chifukwa mkuluyo ankapuma pafupipafupi. Anafika dzuwa lili paliwombo, aNambewe akutonola chimanga pakhonde. Atawaona alendowo, manja awo anaima. Sanatulutse mphasa kapena mpando. Mkuluyo anakhala pansi pafumbi, pakati pa bwalo, anthu akuyamba kusonkhana m'mbali mwa nkhokwe.

"Mlongo wanga," anayamba mkuluyo, "mawu aja ndinawanena pamaso pa anthu, ndiye ndiwabwezanso pamaso pa anthu. Ndinanama. Bambo munawadwazika ndinu, miyezi isanu, ine ndili kumisika ndi makasu. Nditapeza atatisiya, ndinasowa pobisa nkhope yanga, ndiye ndinakusenzetsani inu mlandu wanga. Zaka zonsezi sindinabwere chifukwa cha manyazi."

ANambewe anamuyang'ana munthuyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi ong'aluka ndi ulendo. Anaona mmene anapendeketsera mutu podikira yankho, monga momwe ankachitira amayi awo owabereka onse awiri.

"Mwaonda, achimwene," anatero potsiriza.

Anadzuka nalowa m'nyumba ya Felesiya. Tadeyo anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma anatuluka atanyamula khanda lija, nagwada pafumbi, naliika m'manja mwa mlongo wawo. Mkuluyo analisisita kumaso ndi zala popeza sankaona bwino, misozi ikutsika.

"Iwe ndiwe Kadammanja," anatero. "Utenge manja a agogo ako. Pakamwa panga usatengepo."

Felesiya sanasiye kunena kuti dzinalo ndi lachikale, komabe ndi iye amene anayamba kuliitana poyamwitsa. Mkulu uja sanabwererenso kumapiri. Anamwalira mvula yotsatira itayamba, mlongo wake ali pambali pake, ndipo anaikidwa pafupi ndi bambo awo.

Maliro atatha, amayi ena anafunsa aNambewe kuti anatha bwanji kumulandira munthu amene anawanyoza chotero.

"Sindinaiwale ayi," anayankha. "Koma kakumbeni pamene inafera ng'ombe zaka zapitazo. Chikopa simuchipeza, mnofu simuupeza. Mupeza fupa. Mkwiyo wanga unali mnofu. Tsiku lija nditamuyang'ana, ndinapeza kuti chatsala ndi fupa lokha."

Mawu amenewa anayenda mudzi ndi mudzi, mpaka anthu anawafupikitsa nati: Chibale ndi fupa, sichiola.

Tanthauzo lake, ana inu, ndi lakuti abale amayambana, amanenana mawu owawa, mwinanso kutalikirana zaka zambiri. Zonsezo zimatha monga umathera mnofu m'nthaka. Koma munthu amene munabadwa naye amakhalabe wanu, ndipo n'kwanzeru kumufunafuna akadali ndi makutu omvera kupepesa kwanu.