Kalipentala ndi Nambala Yake ya Msonkho

Panali munthu wina, kalipentala wa pamsika, amene sukulu anailekera pa Sitandade 2. Manambala a pa tepi yoyezera matabwa ankawadziwa, koma zilembo ayi. Anali ndi mng'ono wake wophunzira, wogwira ntchito pa boma.

Chaka china kalipentalayo anafuna kulembetsa nambala ya msonkho. Fomu anamulembera ndi mng'ono wakeyo. Pamalo pa foni mng'onoyo analembapo foni ya iye mwini, chaka chobadwa anangoganizira, ndipo pepala la nambala litatuluka anati, "Ndikusungirani, achimwene. Kwanuko lidyedwa ndi chiswe."

Kenaka amayi awo anamwalira. Kalipentala anasankha matabwa a mkungudza amene anawasunga zaka zambiri, nayamba kupala kuti akhome bokosi la maliro. Asanamalize, galimoto inafika ndi bokosi la m'tauni, lonyezimira, la zogwirira zachitsulo. Mng'ono uja anati pamaso pa anthu, "Amayi sangapite m'bokosi la pamsika." Kuyambira tsiku limenelo awiriwa sanalankhulanenso. Zinatha zaka zisanu ndi zinayi.

Ntchito inachepa. Anthu anayamba kukonda mipando ya pulasitiki, ndipo masiku ambiri landa yake yopalira matabwa inkangogona pa benchi. Tsiku lina aphunzitsi aakulu a sukulu ina anabwera kudzafuna madesiki makumi anayi. Anagwirizana zonse. Potsanzika anati, "Mubweretse nambala yanu ya msonkho pofika Lachisanu. Popanda imeneyo komiti ipereka ntchito kwa wina."

Kalipentala anakwera minibasi kupita ku ofesi ya msonkho. Kalaliki wa kumeneko, mtsikana waulemu, anatenga chitupa chake cha unzika nafufuza pa kompyuta.

"Dzina ndalipeza, bambo, koma chaka chobadwa chikusiyana ndi cha pa chitupa. Sindingakupatseni nambala ndisanatsimikize kuti ndi yanu. Foni yothera ndi 47 ndi yanu?"

"Si yanga."

"Mwini wake mukumudziwa?"

"Ndinkamudziwa."

Mtsikanayo anati njira zilipo ziwiri: kubwera ndi mwini foniyo kapena pepala loyamba lija, apo ayi kulemba kalata yokonzetsa chaka, imene yankho lake limatenga masabata. Tsiku limenelo linali Lachitatu.

Lachinayi m'mawa anavala jekete lake la kutchalitchi nayenda wapansi mpaka ku nyumba ya mng'ono wake. Anaima pa geti nthawi yaitali. Iye ndiye anali wamkulu, ndiponso ndiye analakwiridwa. Mwa mwambo, woyenera kuyenda ulendo umenewo anali winayo. Koma madesiki makumi anayi ndi chakudya cha miyezi yambiri.

"Odi," anatero.

Mng'ono wake anatuluka, atanenepa, imvi zitayamba. Sanafunse chimene mkulu wake wadzera. Analowanso m'nyumba, natuluka ndi pepala lija lili m'pulasitiki, loyera ngati la dzulo.

"Ndinadziwa kuti tsiku lina mudzalifuna, achimwene. Ndinkangodikira kuti mubwere. Lowani, tiyi wapsa."

Kalipentala analandira pepalalo ndi manja awiri, monga amalandirira munthu chinthu kwa mlendo.

"Zikomo, bwana," anatero, nabwerera.

Atafika pamsika sanapite kaye kusukulu kuja. Anatembenuza benchi yake yopalira, natenga tchizulo ndi hamala, nasema nambala ija kunsi kwa benchiyo, imodziimodzi, mozama. Atatha anapita kukapereka pepala kwa aphunzitsi aakulu, ndipo Lolemba anayamba kudula matabwa.

Tsono inu mukumva nkhaniyi, ndikudziwa chimene mukuganiza. Mukuti mng'onoyo anachita bwino, anasunga pepala zaka zonsezo osalitaya. Anthu ophunzira mumayamikirana choncho. Ine ndikufunsani: njira ya kumsika sankaidziwa? Zaka zisanu ndi zinayi, analephera kupatsira pepalalo ngakhale wa kabaza? Sankasunga pepala ameneyo. Ankasunga tsiku loti mkulu wake adzaime pa geti.

Choncho inu amene simudziwa kulemba, wina akakulemberani fomu, muthokozeni, koma foni ikhale yanu, ndipo pepala mubwerere nalo m'thumba mwanu, ngakhale wolembayo mwabadwa naye mimba imodzi. Ndipo inu odziwa kulemba, ngati m'kabati mwanu muli pepala la munthu wina amene simulankhulana naye, musadikire odi wake. Kamupatseni lero.