Njiri Alowa mu Mgolo

Kalekale, nyama zisanayambe kuopa misewu, kunali mayi wina dzina lake Ngaka. Mukumudziwa Ngaka inu? Uja wa mamba thupi lonse, ukamukhudza amadzipinda n'kukhala ngati mpira. Iwe wakumbuyo, leka kutsina mnzako, ndikunena ndi iwe!

Ngaka anakumba una wake patsinde pa phiri. Anakumba, anakumba, zikhadabo mpaka kubuntha. Mvula inali pafupi, ndipo iye anali ndi khanda kumsana.

Tsiku lina pochokera kosaka chiswe, anapeza una watsekeka. Watsekeka ndi chiyani? Ndi Njiri! Chinjiri chonenepa, mano ali panja, chikuliza mkonono m'nyumba ya eni.

"Odi, bambo Njiri. Mwasochera kapena? Muno ndi mwanga."

"Mwako? Unalembapo dzina?" anatero Njiri, diso limodzi lili chitsinzinire. "Ine ndapeza pakhomo pali pululu. Choka, ukundisokosera."

Ngaka anayang'ana kumwamba, mitambo ili bii. Anayang'ana mwana wake. Mtima unamuwawa zedi, chifukwa khanda lotere likavumbwa usiku umodzi wokha, basi kwatha. Kumenyana sakanatha. Ngaka alibe ndi dzino limodzi lomwe.

"Chabwino, bambo," anatero Ngaka. "Tiyeni tipikisane. Tikwere phirili, titsike chogubuduka, osaponda pansi ndi mwendo. Woyamba kufika pakhomo pano, una ndi wake. Mukapambana inu, ndikukumbiraninso wina wosungiramo chinangwa."

Njiri anadzuka, makutu ali petupetu. "Mauna awiri! Iwe mayi, mutu ukuyenda bwino? Cholemera ndicho chimayamba kufika pansi, ndani sadziwa? Koma ine sindipindika ngati iwe."

"Pamwambapo pali chimgolo chotayidwa. Mulowe m'menemo."

Musandifunse kuti mgolo unachokera kuti kalekalelo. Sindinaliko.

Anakwera, anakwera. Njiri ali wefuwefu, koma m'njira monse akutola miyala. "Ndionjezere kulemera," akutero, "kamayi aka kadziwe kuti kunja kuno kuli akuluakulu." Atafika pamwamba anamangirira miyala ija ndi luzi m'kati mwa mgolo, m'mbali monse. Iye analowa, msana kukhoma, miyendo kukhoma, pakati pali mphako yoti mbuzi n'kudutsa.

Ngaka sanatole kanthu. Anaika mwana pamimba, anapinda mutu, anakulunga mchira. Ndi! Kampira kolimba, kopanda ndi mpata wa nyerere.

Khwangwala, amene anamupempha kukhala mboni, anakuwa ali pamwala: "Khwaa! Yambani!"

Tsono apa mumvetsere, akulu ndi ana omwe. Ine ndakonza njinga zaka makumi awiri, za magudumu musanditsutse. Ukamakwera phiri, thukuta lako silipita pachabe. Phiri limakusungira mphamvu ija, ndipo potsika limakubwezera yonse, osachotsapo, osaonjezapo. Wolemera amalandira yambiri, eya, koma alinso ndi thupi lalikulu loti alikankhe, ndiye palibe chimene wapindula. Nkhani ili pa kagawidwe. Chogubuduka chimagawa mphamvu yake pawiri: ina yozungulira, ina yopitira kutsogolo. Kulemera kukakhala m'mbali, kutali ndi pakati, kuzungulira kumadya pafupifupi theka lonse. Kukaunjikana pakati, kuzungulira kumangonyema pang'ono, yotsalayo n'kukhala liwiro.

Ndiye taonani! Mgolo uli gudubu, gudubu, gudubu, phokoso ngati kukubwera chinthu. Ngaka ali fyuu, udzu kugona. Gudubu, gudubu. Fyuu!

"Ndili patsogolo eti?" anakuwa Njiri ali m'kati, dziko likumuzungulira.

"Patsogolo pa fumbi lanu!" anayankha Khwangwala akuuluka pamwamba.

Pansi paja Ngaka anagubuduka pamchenga mpaka liwiro linatha. Anadzitambasula, anapukuta mwana kumaso, n'kuyenda mwachifatse kukakhala pakhomo pa una wake. Anapezanso nthawi yosesa.

Kenaka uyo Njiri akubwera. Wachedwa, inde, koma kumbukirani miyala ija. Mphamvu yonse imene anakwera nayo inali idakali momwemo, ndipo mgolo ulibe mabuleki.

"Mayi Ngaka! Mayi Ngaka, ndigwireni!"

"Pepani bambo, manja ali ndi mwana."

Mgolo unadutsa pakhomo, unadutsa pachulu, unakapeza mlambe. Phwaa! Mbalame zinabalalika mpaka kutsidya. Mphamvu ija sinasowe ayi. Ina inasanduka phokoso, ina inapinda mgolo, yotsalayo miyala inaipereka pankhope pa mwini wake.

Njiri anatuluka akudzandira, akupepesa mlambe, akuutchula kuti malume. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa, tho, tho, tho. Ngaka anakokera mwana m'kati, ndipo anagona pouma.

Mukadzakumana ndi Njiri, mudzamuyang'ane kumaso. Zotupa za miyala ija zilipo mpaka lero. Ndipo polowa mu una amalowa chammbuyo, maso ali kuphiri, kuopa kuti mwina kukubweranso mgolo wina.

Nthano yanga yagubuduka, yafika pansi, yaima pompa. Koma inu okonda kukwera ndi za eni, dziwani kuti phiri silibera munthu. Limabweza zonse, ndipo likasowa pozitula limazitula pamphumi panu.