Lumbiro la Che Mbwana

Lachisanu lina m'mawa, Che Swaleyi Mbwana, kalipentala wa pa Ulongwe, anatulukira pa mzikiti akukankha njinga, thukuta lili kamukamu. Anali munthu woti akalankhula sabweza mawu, ndipo khalidwe limeneli ankalinyadira kwabasi. Anapeza Shehe Twaha Likonde akuthira madzi m'migolo kuti anthu adzatawazire, kusamba kokonzekera pemphero la swala ya Jumuwa.

"Assalamu alaikum, Shehe! Tatulani kaye ndowayo. Ndabwera ndi funso lomwe lagonjetsa msika wonse."

"Wa alaikum salaam, Che Mbwana. Ngati lagonjetsa msika, ine wotunga madzi ndilitha? Komabe khalani pansi, tilimve."

Kukhala pansi sanakhale, mtima unali m'mwamba.

"Pali munthu wina," anayamba motero, "analumbira m'dzina la Allah kuti sadzaponda pakhomo pa mlamu wake. Lero masana mwana wa mlongo wake ali ndi nikaha pakhomo pomwepo, ndipo mwanayo wanenetsa kuti popanda malume ake iye sakwatiwa. Munthuyu akafike bwanji osaswa lumbiro? Ena akuti amunyamule m'mwamba kuti phazi lisagunde pansi. Ena akuti ukwatiwo ausamutsire pamsewu. Inu mukuti bwanji?"

Munthu winayo Ulongwe yense ankamudziwa. Zaka zisanu m'mbuyomo, pa sadaka ya kwa Che Bwanali, mwamuna wa mlongo wake, eni khomo anamuyalira mphasa Che Mbwana pamene alendo ochokera ku Zomba anawakhazika pamipando. Mlandu wonse unali umenewo, mpando basi! Koma Zuwena, mkwatiyo, ankamukonda ngati mwana wobala yekha. Kabati ya mphatso anali atamukhomera kale mwakabisira, ndipo kuganiza kuti ukwati wa mwanayo ungalephereke chifukwa cha pakamwa pake kunkamuwawa zedi.

"Lumbiro timaliyeza ndi mawu ake," anatero Shehe modekha. "Tandiuzani mawuwo monga mmene anatulukira, osawonjeza, osachotsa."

Apa Che Mbwana anaiwaliratu za munthu wina uja.

"Ndinati, 'Wallahi, sindidzaponda pakhomo panu mpaka inu mutayamba mwaponda panga.'"

"Munati abwere kudzapepesa?"

"Ayi, zimenezo sindinanene."

"Munati abwere mutawaitana?"

"Ayi."

"Nanga munati pobwerapo inu muwaone ndi maso anu?"

"Ayinso, Shehe. Koma mukundizunguliranji? Dzuwa likupita!"

"Pepani, ndafika," anatero Shehe. "Chaka chatha tinaika mayi a kunyumba kwanu, Abiti Saidi, Allah awachitire chifundo. Jeneza la malirowo tinalinyamulira pati?"

Che Mbwana anatsitsa mawu. "Pakhonde panga."

"Mwambo wathu mukuudziwa. Panjira amuna amalandirana jeneza paphewa, aliyense mapazi angapo, mpaka kumanda. Koma pali anayi oyamba, amene amalinyamula kuchoka pakhomo. Tsiku limenelo anali ndani?"

Che Mbwana anayesa kukumbukira koma anangoona zisoti zoyera zokhazokha. Tsikulo maso ake anali odzaza misozi, moti ngakhale amene anamugwira mkono sanamuzindikire.

"Sindikudziwa," anavomera.

"Ine ndinali pomwepo. Kumutu, mbali ya kumanja, kunali Che Bwanali. Anayamba akumba nawo manda, kenaka anabwera pakhonde panu fumbi lili mbuu, n'kuika phewa. Atalandiridwa panjira analowa m'gulu osanena kanthu."

Che Mbwana anangoti kukamwa yasa. Kenaka njinga ija anaitaya, inagwera pamgolo, madzi n'kukhavukira pa kanzu ya Shehe.

"Allahu Akbar! Ndiye kuti anaponda! Anaponda pakhomo panga!" Anawomba m'manja, nazungulira pomwepo ngati mwana, akuseka, misozi ili m'maso. "Zuwena akwatiwa lero! Shehe, ndiye kuti lumbiro silinasweke? Palibe kafara, dipo la lumbiro, yoti ndipereke?"

"Palibe. Chimene munanena chinachitika."

Anadzutsa njinga, phazi lili kale pachopalasira. Koma Mbwana ndi Mbwana basi. Anatembenuka, nkhope ikuwala, nati, "Ndiye ndikakafika ndikalengeza pamaso pa anthu onse kuti anayamba kugonja ndi iwowo. Ine mawu anga sindinabweze!"

Shehe anafinya m'mphepete mwa kanzu yawo yonyowayo, namuyang'ana mwachifundo.

"Che Mbwana, lumbiro lanu linatha tsiku la maliro lija. Chimene chakutsekerani njira chaka chonsechi si dzina la Allah ayi, ndi mpando uja. Mlamu wanu anabwera kwanu osafunsa pokhala, anangofunsa ponyamula. Kwezani mphatso ya mwanayo panjinga, pitani. Akakakuyalirani mphasa, mukakhale pamphasapo."