Kompyuta ya Fatsani ndi Nyerere za ku Limbe

Ana inu, pali mwambi wina umene ambiri amati unachokera kumudzi. Ife a ku Chilomoni timaufotokoza mwina, ndipo timati unabadwira m'kanyumba kometera tsitsi.

Mwini kanyumbako anali Fatsani, mmeti waluso koma wokonda zonyezimira. Chaka china makasitomala ake anayamba kuchepa, chifukwa achinyamata ankathamangira kwa mmeti wina amene anali ndi kanema wamkulu. Mchemwali wake Zione, yemwe anaphunzira kukonza makompyuta, anamulangiza kuti aike kompyuta ya magemu a mpira kuti anthu azisewera podikira kumetedwa.

Yatsopano sakanaikwanitsa, choncho anayamba kutolera zipangizo za kaunjika. Bokosi la kompyutayo anapatsidwa ndi ofesi ina imene inkafuna kulitaya. Sikirini yong'aluka pakona inachokera kwa msuweni wawo. Chilichonse chikabwera, Zione ankachimasula, n'kuchipukuta, n'kuchiyesa. Chinatsala chimodzi chokha: kadi yoonetsa zithunzi, imene popanda iyo osewera mpira amayenda ngati akudwala nyamakazi.

Fatsani anapita yekha ku Limbe, ndipo anabwerako akuimba mluzu. Kadi imene anagula inali yofiira, yonyezimira ngati galasi, ya mafani awiri oziziritsa ndi timagetsi tokongoletsa.

"Achimwene, mwaiyesa?" anafunsa Zione.

"Wogulitsa anati magetsi azima. Koma taiona wekha! Chinthu chokongola chonchi chingakhale chakufa?"

"Bweretsani ndiimasule kaye, tione m'kati."

"Ayi ndithu, ungaikande. Ingolumikiza basi. Ndipo tisaiyatse mpaka Loweruka, anthu adzaone okha."

Zione anapukusa mutu, koma analumikiza. Fatsani anali atalengeza kale dera lonse kuti kudzakhala mpikisano, ndipo wopambana adzametedwa ulere mwezi wathunthu.

Loweruka masana kanyumba kanadzaza, ena akusuzumira pawindo. Pampando wometera panali a Chikaonda, bambo wachikulire wosoka nsapato, amene Fatsani anali atawameta mbali imodzi ya mutu. Fatsani anasiya makina ometera, n'kukadina batani la kompyuta. Timagetsi tinayaka, mafani n'kuyamba kuzungulira, bwalo la mpira n'kuoneka lobiriwira. Anthu anaomba m'manja.

Mpira utangoyamba, kadi ija inatentha. Kenako mmodzi mwa opikisanawo anadzimenya pakhosi. Mnzake anataya chosewerera n'kuyamba kukanda mwendo. Mafani aja ankaulutsa nyerere! Zina zinkatuluka pamzere, zitanyamula mazira, kutsika ndi mawaya. Kunamveka kafungo ka chinthu chopserera, sikirini n'kuda bii.

Anthu anathawira panja akukutumula malaya, uku akufa ndi phwete. Fatsani anangoima kukamwa kuli yasa. A Chikaonda anaseka mpaka misozi.

"Mwana wanga," anatero, "kwathu ku Ntcheu kuli mkuyu wobala zipatso zofiira zokopa maso. Mlendo amathamangira kuponya m'kamwa. Ife eni timayamba tang'amba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Tsono bwera udzamalize mutu wangawu, ndisapite kunyumba ngati munda wolima theka."

Zione anamasula kadi ija pamaso pa onse. M'kati munali chisa chathunthu ndi dothi, ndipo mbali ina inali itapsa.

"Chemwali, undithandize," anatero Fatsani motsitsa mawu. "Anthuwa akapita, sadzabweranso."

Zione anakwera minibasi ya ku Limbe. Wogulitsa uja ataona nyerere, anachita manyazi, n'kulola kusinthitsa. Zione anasankha kadi yakale, yotuwa, ya fani imodzi yomangidwa ndi waya, ndipo sanachoke mpaka ataimasula ndi kuiyesa. Dzuwa lisanalowe, mpira unayambiranso, ndipo unatha bwinobwino. Anapambana anali mtsikana wogulitsa mandasi, amene anapereka mphotho yakeyo kwa bambo ake.

Kuyambira tsikulo, mawu a a Chikaonda anafalikira. Munthu akatengeka ndi nsapato, foni, ngakhale chibwenzi, anzake amamuuza kuti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Tanthauzo lake n'lakuti kukongola kwa kunja sikunena za m'kati. Chinthu chikakukopani maso, musafulumire kuchikhulupirira. Yambani mwachitsegula, mwachiyesa, mwafunsa amene akuchidziwa.